Muyeso Watsopano

Zaka makumi awiri ndayeza zifuwa za anthu
pakhonde la shopu ya a Njobvu ku Mtendere,
tepi m'khosi, mapini pakamwa.
Woyembekezera ndimamudziwa asanauze mwamuna wake.
Koma chifuwa changa chinandibisira nkhani.

Kanali ngati nzama,
kolimba, kosapweteka.
Ndinakapeza Lachiwiri, sopo ali m'manja.
Ndinati ndi mtsempha.
Miyezi inayi ndinkati ndi mtsempha.

Dokotala anali msinkhu wa Tikambenji wanga.
Anatembenuza pepala kawiri
ngati kuseri kuli mawu ena.
Anati khansa.
Ine maso anali pa kolala ya malaya ake oyera,
pamene ulusi unayamba kumasuka,
ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti abwere nawo mawa.

M'minibasi kondakitala anandibera chenji,
ndinangomusiya.
Majakaranda ankathothokera pamsewu
ngati palibe chachitika.

Usiku magetsi anapita.
Ndinagwada, mawu anakana.
Ndinangoti: Ambuye, mwaona?
Mwaona, kapena ndiyatse kandulo?

Amayi a Chigwirizano sanabwere ndi ulaliki.
Mmodzi yekha anayamba za tchimo lobisika,
amake Ezinala anamugwira dzanja mwaulemu
mpaka kunja kwa geti.
Enawo anang'amba pepala m'kope la mwana:
Lolemba Dailesi, Lachinayi Felesiya,
kukandigwirira malo pamzere kusanache.
Ndalama ya chilimba inadumpha anthu atatu
n'kugwera pa ine.
Palibe anaitchula ngongole.

Mankhwala ofiira aja amalowa pang'onopang'ono.
M'kamwa mumamveka chitsulo,
kukoma komwe ndinakuzolowera kwa mapini.
Tsitsi linatsalira papilo.
Lameki, munthu wosadziwa kumene tsache limakhala,
analisesa ndisanadzuke,
ndipo ndinamumva akupemphera kuseri kwa nyumba,
pemphero lopanda mutu, lobwerezabwereza dzina langa.

Pampando woyandikana nane pankakhala Namakau wa ku Mongu.
Chinyanja chake chothyoka, Chilozi changa palibe,
tinkagawana ndimu wonunkhiza.
Ulendo wachisanu pampando pake panali bambo wina.
Sindinafunse.
Za iye, Ambuye, ine ndi Inu sitinamalize kukambirana.

Atachotsa bere lakumanzere
ndinakhala sabata osayang'ana.
Tsiku limene ndinavundukula
ndinayamba ndi kuwerenga msoko.
Wowongoka. Wosakoka nsalu.
Amene anasoka apa amaidziwa ntchito,
ndipo ndinaseka mpaka namwino anabwera,
kenako sikunalinso kuseka.

Ku makina owotcha anandilemba zizindikiro pachifuwa
monga ndichitira ndi choko pa chitenje.
Musasunthe, mayi.
Ndinagona duu, ine wodula, tsopano nsalu.
M'chipinda chozizira chija, aliyense atatuluka,
ndinakumbukira kuti Yesu pouka
sanafufute zipsera zake.
Anazitenga, anakazionetsa kwa anzake.

Bulauzi yoyera ya Chigwirizano inayamba kugwera mbali imodzi.
Ndinaisokera kathumba mkati.
Dailesi anabweretsa kansalu kotsala ku ukwati wa mwana wake,
Felesiya ka maliro a amayi ake,
amake Ezinala ka chitenje chachipani
chimene amakana kuti sanavalepo.
Ndinapinda zonse, ndinalowetsa.
Pamene panali bere
pano ndanyamula mpingo,
ndipo umalemera bwinobwino.

Sindinena kuti zatha.
Khadi likuti ndibwerenso miyezi itatu ikatha,
ndipo usiku wotsatira tsikulo sindidzagona.
Koma lero makina anga akulira pakhonde,
fumbi la Ogasiti likulowa m'maso,
mtsikana wa ku Kalingalinga wakweza manja
kuti ndimuyeze diresi.
Ndazunguliza tepi, ndalemba nambala.
Kenako ndalavula mapini m'dzanja:

Mwanawe, posamba umadzigwira?
Bwera kuseri kwa katani
ndikuonetse pofufuza.